Mbalame Yoopa Dzanja

 Ine ndine munthu wa ku mapiri a ku Dedza, kumene mwezi wa Juni ukafika ngakhale tambala amachita ulesi kutsika mumtengo chifukwa cha chisanu. Madzulo ano ndifuna kukusimbirani za kambalame kamene kanandiboola chala tsiku limene kanafika pakhomo panga, ndi za miyezi inayi imene inapita chala chomwecho chisanakhululukidwe.

Mbalameyi sindinaigule. Mwana wa mlongo wanga ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe kwa anthu ena ochokera kunja, ndipo pamene iwo ankabwerera kwawo anamsiyira mbalame yawo pamodzi ndi khola lake lawaya. Iye posoŵa poisunga anakwera nayo basi, nafika kwathu nati, "Malume, inu ndinu oŵeta nkhunda, kameneka sikangakukanikeni." Ndinavomera msanga, pakuti ndinkayesa kuti mbalame ndi mbalame basi.

Ndi mtundu wa zinkhwe, zimene ena amati zingolopiyo, koma zazing'ono ndi za mchira wautali. Oŵeta amazitcha conure. Kwawo kwenikweni ndi kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, ku America wa pakati ndi wa kum'mwera. Imene ndili nayo ine ndi ija ya masaya obiriŵira ndi mchira wofiirira, imene abale ake amakhala m'nkhalango za ku Bolivia, Brazil, Paraguay ndi Argentina. Kutalika kwake ndi masentimita ngati 26 kuŵerengera ndi mchira womwe, ndipo kulemera kwake kumangoposa pang'ono dzira la nkhuku. Koma kanthu kakang'ono chotere kakasamalidwa bwino kamatha kukhala ndi moyo zaka zoposa 20. Taganizani, omvera, zaka 20 za kunjenjemera nthaŵi iliyonse pamene munthu wadza kudzasintha madzi.

Pakuti umo ndimo inalili. Tsiku loyambalo ndinatsegula chitseko cha khola ndi kupisamo dzanja monga ndichitira ndi nkhunda. Mbalame inathaŵira pa ngodya ya pamwamba, nimenyetsa mapiko ku waya kufikira nthenga zinathothoka, ndipo dzanja litaifikira inandiluma mpaka magazi. Apo mpamene mnyamata uja anaulula kuti kumene inachokerako ana ankaipirikitsa m'kholamo ndi kuigwira ndi thaulo pofuna kuseŵera nayo. Amayi a kunyumba kwathu anati, "Bambo, kachilombo aka mukabweze kumene kachokera." Ndinawapempha kuti andilole ndiyese kaye.

Choyamba chimene ndinayenera kumvetsa ndi chakuti mbalame yotere si yolusa ayi, ndi yamantha. Kutchire iyo ndi ndiwo za ena. Nonse mwaonapo m'mene anapiye amabalalikira chithunzithunzi cha mphamba chikangodutsa pabwalo. Tsono dzanja la munthu likamatsika kuchokera kumwamba zala zili tambasu, kwa kambalame silisiyana ndi zikhadabo za mphamba. Palinso china chimene ambiri sitichidziŵa. Mbalame imapuma pokweza ndi kutsitsa fupa lake la pachifuŵa, kotero kuti ukaifumbatira zolimba umaitsekera mpweya. Imene inagwidwapo chotero imakumbukira dzanja monga chinthu chimene chinafuna kuipha, ndipo zinkhwe si mbalame zoiŵala msanga. Ndiponso kuluma ndiwo mawu ake otsiriza. Isanalume imayamba yanena mwaulemu: imamatiza nthenga kuthupi, imapendekera kumbali, imayasamula mlomo. Ogontha ndife anthu, amene tikalumidwa timati mbalame njoipa mtima.

Chotero ndinayamba ndi kuchotsa dzanja pa nkhani yonse. Khola ndinaliika pamalo okwera, kumbuyo kwake kutagunda khoma, kuti mbalame ikhale ndi mbali imodzi imene siyembekezako mdani. Ndinasankha chipinda chochezera, m'mene ikanaona anthu akuyenda koma osaikhudza. Kuno kwathu, kumene tauni ya Dedza yakhala mamita ngati 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, usiku wa Juni ndi Julayi ngozizira kwambiri, ndipo munthu amakopeka kusendeza khola pafupi ndi mbaula. Musachite zimenezo. Mapapo a mbalame sachedwa kugwidwa, ndipo utsi wa makala kapena wa nkhuni umene ife timangotsokomola nawo ungathe kuipha usiku umodzi. Ine kukada ndinkafunditsa khola bulangete lakale, kuti igone maola 10 kapena 12 mumdima ndi mwabata. Mbalame yosagona mokwanira imakhala yaukali, monga achitira mwana.

Kwa milungu iŵiri ntchito yanga inali kukhala pampando. Ndinkakhala chammbali, osailunjika ndi maso, pakuti kuyang'anitsitsa ndi khalidwe la chilombo chofuna kumbwandira, ndipo ndinkaŵerenga nyuzipepala mokweza pang'ono kuti izoloŵere mawu anga. Muyeso wanga unali umodzi: kodi ikudya? Ndikakhala pamalo pamene mbalame ikupitiriza kudya kapena kudzikonza nthenga, ndiye kuti ndili bwino. Ikasiya kudya niumitsa thupi, ndiye kuti ndadumpha malire, ndipo ndinkabweza mpando m'mbuyo. Tsiku loyamba malirewo anali pakhomo penipeni pa chipinda. Mpando unkasendera pang'onopang'ono, mwina phazi limodzi pa masiku aŵiri. Adzukulu anga ankaseka, amvekere agogo ayamba kuphunzitsa mbalame nkhani za m'dziko.

Kenaka inafika nthaŵi ya kubweza dzanja, koma likhale dzanja la uthenga umodzi wokha. Ndinaona kuti m'mbale yake imayamba kutola njere za mpendadzuŵa isanakhudze china chilichonse. Ndinachotsa njerezo m'mbalemo, chakudya china chonse ndi kuchisiya chokwanira. Mumve bwino pamenepa: sindinaimane chakudya. Alipo ena amene amagoneka mbalame ndi njala kuti ibwere ku dzanja, ndipo imabweradi, koma ikakhuta imabwerera ku mantha ake. Ine ndinkangodutsa, kuponya njere imodzi m'kachitini kokoloŵeka pawaya, ndi kuchoka osacheuka. Patapita masiku inayamba kutsikira ku kachitiniko ikangondiona ndikudza. Pambuyo pake ndinatenga ngala ya maŵere ya phesi lalitali, ndi kuigwira kunsonga kuti zala zikhale patali, ndipo tsiku ndi tsiku ndinkafupikitsa phesilo.

Pa za chakudya ndichenjezeko pang'ono, poti kuno zipatso sizisoŵa. Mapichesi ndi maapulo perekani mutachotsa nthanga zake, pamodzi ndi karoti, masamba ndi chimanga chachiŵisi. Koma mapeyala ndi poizoni kwa zinkhwe, musapereke nkomwe. Chimodzimodzinso chokoleti, khofi, tiyi, zakudya zamchere ndi mtedza wochita chuku. Ndipo mukatha kusesa m'khola sambani m'manja ndi sopo, pakuti fumbi la zitosi zouma limatha kupatsa munthu matenda a m'chifuŵa.

Tsopano ndiulule kupusa kwanga. Pofika mlungu wachisanu ndi chimodzi mbalame inali itayamba kulandira njere pa zala zanga. Tsiku lina Lamulungu titaŵeruka ku tchalitchi kunabwera alendo, ndipo mtima wofuna kutamandidwa unandigwira. Ndinatsegula khola anthu ataunjikana, ndi kukankhira chala pachifuŵa pake kuti ikwerepo. Inamatiza nthenga, ndinaona. Inayasamula mlomo, ndinaonanso. Koma alendo anali kuyang'ana, ndipo ndinapitiriza. Inandiluma pa chipsera chomwe chija, ine nkukuwa ndi kukutumula dzanja, khola lonse gwedegwede. M'maŵa mwake inakana ndi maŵere omwe. Mphindi imodzi ya kudzionetsera inandidyera milungu itatu, ndipo ndinabwerera ku kachitini kaja monga mwana wobwereza kalasi.

Ulendo wachiŵiriwu ndinadziikira malamulo. Osapitirira mphindi 5, kaŵiri kapena katatu pa tsiku, ndi kuleka mbalame ikadafunabe. Dzanja lizidzera m'munsi ndi chammbali, zala zitaphatikizana. Ikapendekera kutali, dzanja lichoke nthaŵi yomweyo, kuti idziŵe kuti kukana kwake kumamveka ngakhale isanalume. Ndinasema kamtengo ka bulugamu konenepa ngati chala, ndipo inaphunzira kuterapo kuti ifikire njere. Anzanga ena anandilangiza kudula nthenga za m'mapiko kuti isamathaŵe. Ndinakana. Mbalame imene yakhala pa dzanja chifukwa chosoŵa kothaŵira siinazoloŵere, yangogonja. Ine ndinkatseka mazenera ndi zitseko, kutulutsa mphaka, ndi kusiya khola lotsegula kuti izituluka ndi kuloŵa mwa kufuna kwake.

Ndisanatsirize nkhani ya chala changa, ndilankhule ndi anyamata amene akumva izi nayamba kuganiza za ulimbo. Dziko la Malaŵi lili nazo zinkhwe zakezake. Ku nkhalango yosungirako nyama ya Liwonde kuli tizinkhwe tobiriŵira ta nkhope yofiira, timene timagona m'mphako za mitengo ya tsanya. Akatswiri anatilemba m'mabuku m'chaka cha 1894, ndipo pa Chingerezi timatchedwa Lilian's lovebird. Kudula tsanya ndi kuthira poizoni m'zithaphwi kwatisautsa kale, tisawonjezerepo ulimbo. Lamulo la dziko lino loteteza nyama zakutchire, la chaka cha 1992, limene linakhwimitsidwa m'chaka cha 2017, limaletsa kugwira kapena kusunga nyama zotetezedwa popanda chilolezo. Malonda a mbalame zogwidwa kutchire ndiwo anachepetsa conure wachikasu wa ku Guyana ndi Brazil, kufikira m'chaka cha 2008 anaŵerengedwa pakati pa mbalame zimene zili pangozi ya kutha. Ndipo m'chaka cha 2016 maiko atasonkhana ku Johannesburg anagwirizana zoletsa kugulitsana zinkhwe zotuŵa zogwidwa m'nkhalango za mu Africa muno. Mukapeza chinkhwe chovulala, dziŵitsani a nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire. Zimene ndikukamba ine nza mbalame yobadwira m'khola imene ili kale m'manja mwa anthu, ngakhale kuti zambiri mwa izo ndaziyesanso pa nkhunda zachilendo ndipo zagwira.

Unali m'maŵa wina wa mwezi wa Okutobala, chisanu chitatha. Ndinali pampando, nyuzipepala pamwendo, dzanja lili pa tebulo pambali pa khola, njere imodzi itatsalira pachikhato ine nditaiŵala. Ndinangomva tizikhadabo pa chala. Phazi limodzi linakhala pamenepo kanthaŵi, linalo likadali pa thabwa. Ndinaleka ndi kupuma komwe. Kenaka lachiŵiri linatsata. Inatola njereyo, niisenda ili pomwepo, makoko nagwera pa tebulo, ndipo itatha inaulukira pamwamba pa khola. Amayi aja, amene ankati kachilombo kabwezedwe, anali chiimire pakhomo mbale ya phala ili m'manja, ndipo sanaloŵe kufikira itauluka.

Lero imabwera ku dzanja masiku ambiri, ndipo imaŵeramitsa mutu kuti ndiikande pakhosi. Kumsana siilola kukhudzidwa, ndipo thaulo ikaliona, ngakhale lili pa chingwe panja, imakuwabe. Mwana wa mlongo wanga akabwera kudzacheza amakhala pa mpando uja, chammbali, nyuzipepala m'manja. Iye sanafikebe pa njere.