Maiko akuluakulu akamakangana, bilu imafikira kwa ndani?

Ndikudziwa kuti ena mutamva mutu wa lero munati, aaa, za America ndi China zikutikhudza chiyani ife, nkhani zathu ndi za nkhanza za m'banja ndi maukwati a ana. Mundilole ndilankhule pang'ono, mukaona kuti ndasochera mundikhazike pansi.

Ndiyambira pa chiwaya cha mayi anga. Mayi anga amagulitsa mandasi, ndipo mandasi amenewo ndi amene anandifikitsa ku yunivesite. M'chaka cha 2022 mandasi aja anayamba kuchepa thupi, mpaka makasitomala kumati amayi mwayamba umbombo. Sunali umbombo ayi. Pa 24 Febuluwale chaka chimenecho Russia inalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine, ndipo maiko awiriwa ndi ena mwa amene amagulitsa tirigu ndi mafuta a mpendadzuwa ochuluka padziko lonse. Fulawa inakwera, mafuta ophikira anakwera. Kenako mu Meyi mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 25 peresenti, mu Novembala 2023 inatsitsidwanso ndi 44 peresenti. Mayi anga sadziwa kuti mzinda wa Kyiv uli mbali iti, koma nkhondo ija anailipira nawo.

Za fetereza sindikuuzani, mukuzidziwa kuposa ine. Thumba la makuponi la AIP linali K4,495 mu 2020, pofika 2022 linali K15,000. Zifukwa zake n'zingapo, zina n'zathu zomwe, koma dziwani kuti Russia ndi limodzi mwa maiko amene amagulitsa fetereza wambiri zedi, ndiye kukavuta kumeneko kunonso kumavuta. Mu Malichi 2022 Malawi inavota nawo ku United Nations kudzudzula Russia. Patangotha chaka, kampani ya ku Russia ya Uralchem inatipatsa matani 20,000 a fetereza waulere, wodzera pa doko la Beira. Tinalandira, ndipo anathandiza amene anamulandira. Koma maiko a mu Africa tili ndi mavoti 54 ku United Nations. Ine sindikhulupirira kuti amene anatumiza fetereza uja anali asanawerenge mavoti amenewo.

Pali mwambi uja timaukonda, woti njovu zikamamenyana umavutika ndi udzu. Ine ndatopa nawo. Udzu sufunsa funso, udzu suvota, udzu sulemba kalata. Ife si udzu.

Agogo amene muli muno, izi munaziona kale. Nthawi ija America ndi Soviet Union ankalimbirana dziko lonse, a Kamuzu Banda anaima mbali ya maiko a azungu, mpaka mu 1967 anakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa. Chifukwa anali mnzawo, maiko aja ankayang'ana kumbali anthu akamatsekeredwa popanda mlandu. Mayi Vera Chirwa, loya woyamba wamkazi m'dziko muno, anagwidwa mu 1981 ndipo anatuluka m'ndende mu Januwale 1993, amuna awo a Orton atamwalira kale m'ndende ya Zomba. Pafupifupi zaka zonsezo thandizo linkabwerabe. Soviet Union itagwa mu 1991, a Kamuzu sankafunikanso, ndipo mu Meyi 1992 opereka thandizo anakumana ku Paris n'kuimitsa thandizo lachitukuko, akuti chifukwa cha ufulu wa anthu. Musandimve molakwa, referendamu ya pa 14 Juni 1993 anaimenyera ndi Amalawi eni ake, mabishopu ndi kalata yawo, ophunzira, ogwira ntchito amene anaomberedwa m'misewu ya Blantyre. Chimene ndikunena n'chakuti akunja aja anakumbukira ufulu wathu tsiku limene zinawakomera iwo.

Nkhani ya China nayonso ili ndi mbali imene sitiitchula. Kumapeto kwa 2007 boma la a Bingu wa Mutharika linasiya ubale ndi Taiwan n'kuyamba ubale ndi China. Zimene zinatsatira timaziona ndi maso: nyumba ya malamulo ku Lilongwe, bwalo la zamasewero la Bingu, yunivesite ya MUST ku Thyolo, msewu wa Karonga kupita ku Chitipa. Zina ndi mphatso, zina ndi ngongole. Koma ku Mzuzu kunali madokotala a ku Taiwan, pa chipatala chachikulu chimene Taiwan yomweyo inamanga, amene ankathandiza anthu olandira ma ARV. Ubale utatha analongedza n'kumapita. Kodi alipo amene anafunsa mayi wa ku Mzuzu amene ankalandira mankhwala pamenepo? Zinakambidwa kumtunda, iye anangomva pa wailesi.

Tsopano tibwere ku za dzulodzuloli, pamene pakundipweteka ine. Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe analumbira, a Donald Trump anasaina lamulo loimitsa thandizo la America kumaiko akunja kwa masiku 90, ndipo pofika Julayi bungwe la USAID linali litatsekedwa. Sabata yomwe analumbirayo anabwezeretsanso lamulo lija limatchedwa Mexico City Policy, loti bungwe lakunja lolandira ndalama za zaumoyo kuchokera ku America lisachite kapena kulimbikitsa zochotsa mimba, ngakhale ndi ndalama zochokera kwina. Lamulo limeneli anayambitsa a Reagan mu 1984. A Clinton analichotsa, a Bush analibwezeretsa, a Obama analichotsa, a Trump analibwezeretsa, a Biden analichotsa, pano labwereranso. Kaya inu mumaganiza chiyani pa nkhani yochotsa mimba, ndipo ndikudziwa kuti muno timasiyana maganizo, taganizirani izi: mabungwe omwewo ndi amenenso amapereka njira zakulera ndi kuyeza khansa ya khomo la chiberekero. Kiliniki yoyendayenda ya kumudzi kwanu ikudalira mmene anthu avotera ku Pennsylvania. Zoona zimenezo?

Ndili ndi mnzanga amene ntchito yake inali yotsatira amayi oyembekezera amene asiya kukatenga ma ARV. Ankayenda pa njinga khomo ndi khomo. Analandira uthenga pa foni kuti mawa musabwere ku ntchito, basi. Amayi aja alipobe, kachilombo kalipobe, wowatsatira ndi amene kulibe.

Ndipo si America yokha. Mu Febuluwale 2025 boma la Britain linalengeza kuti lichepetsa thandizo lake kuchoka pa 0.5 kufika pa 0.3 peresenti ya chuma cha dzikolo pofika 2027, ndipo linanena poyera kuti ndalamazo zipita ku zachitetezo. Akuopa Russia, ndiye akugula zida. Ndalama ya zidazo ikuchoka pa bulangete la mayi wa ku chikuta.

Ena amati ndiye tithawire ku BRICS, gulu lija la Brazil, Russia, India, China ndi South Africa, limene mu 2024 linalandira Egypt, Ethiopia, Iran ndi United Arab Emirates. Pa Facebook anyamata amakangana ngati nkhani ya Bullets ndi Wanderers, uyu wa Putin, uyu wa Trump. Ine ndilibe timu. N'zabwino kuti tsopano pali zitseko zingapo zogogoda, ndipo n'zabwino kuti African Union inalowa mu G20 mu 2023. Koma mipando isanu yosatha ya ku Security Council ikadali ya America, Britain, France, Russia ndi China, ngakhale Africa yakhala ikupempha mipando iwiri kuyambira 2005. Kusintha abwana si kupeza ufulu. Mkazi amene anachoka kwa mwamuna womenya n'kukapeza wina womulanda ndalama za geni amadziwa zimenezi.

Chimene ndikufuna titchere khutu kwambiri ndi miyala. Mafoni, magalimoto a batire ndi zida zankhondo zimafuna miyala ina yosowa, ndipo ntchito yoyenga miyala imeneyi yambiri ili m'manja mwa China. America ndi maiko a ku Ulaya akusakasaka kwina koitenga. Kwinako ndi kuno. Ku Kangankunde m'boma la Balaka kuli miyala imeneyo. Ku Kasiya m'boma la Lilongwe kuli rutile ndi graphite wochuluka kwambiri. Ku Kayelekera ku Karonga kuli uranium. Madera ambiri a m'chigawo chapakati ndi kummwera munda umadzera kwa amayi. Ndiye tsiku lolemba maina a olandira chipukutamisozi, dzina lolembedwa lidzakhala la ndani? La mwini munda, kapena la mkamwini amene anapita ku msonkhano pamene mwini mundayo anali ku mjigo? Mtsinje ukadzaipa, adzayende mtunda wautali ndi chidebe pamutu ndani?

Tili ndi chida chimodzi chimene sitichigwiritsa ntchito. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma, la Access to Information, linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020. Limalola ine ndi inu kulemba kalata yopempha kuona zikalata za boma. Ndikupempha kuti tilembe makalata awiri. Yoyamba ipite ku unduna woona za migodi, tione mapangano amene asainidwa ndi makampani ndi zimene akunena pa za malo ndi madzi. Yachiwiri ipite kwa aphungu athu. Mu 2001 ku Abuja atsogoleri a mu Africa analonjeza kuika 15 peresenti ya bajeti ku zaumoyo. Tiwafunse kuti chaka chino aika zingati, ndipo mwa zimenezo zingati ndi za njira zakulera ndi malipiro a anthu ngati mnzanga wa njinga uja.

Makalatawo ndalemba kale poyambira, koma ali m'Chingerezi cha kusukulu, ndipo sindikufuna munthu asaine chinthu chimene sanachimve. Tikamwa tiyi ndiwawerenga m'Chichewa mzere ndi mzere, mukonze pamene ndalakwitsa. Amayi a ku Balaka amene mwabwera, inu ndiye muyambe kulankhula.