Buku la sikelo liziyenda ndi pasipoti

Amayi anzanga, pomwe tikukondwerera chaka china cha gulu lathu, tikumbutsane izi. Ife a geni sitiphonya tsiku logawana masheya, koma la sikelo timazengereza poti katundu sanathe. Bungwe la WHO limati woyembekezera aonane ndi achipatala maulendo 8, koyamba miyezi itatu isanathe. Tikamawoloka pa Mwanza, Mchinji kapena Beitbridge, buku la sikelo likhale m'chikwama cha pasipoti, kuti anamwino akutsidyako aone BP yathu ndi Fansida amene tamwa kale. Mnzathu akayamba kutaya magazi, kutupa nkhope kapena kumva mutu wosaleka, asadikire kuti malonda athe. Thumba lathu la mavuto lilipire galimoto usiku womwewo, za ngongole tidzakambirana mayi atachira.