Maina a Ocita Nchito m'Cifalansa

Aphunzitsi anzanga, tiyambire pa cinenero cathu. Pa "kulima" tipanga "mlimi", pa "kulemba" tipanga "mlembi": tiika m- patsogolo ndi -i pambuyo. Afalansa naonso ali ndi njira yao, koma iwo asintha kumcira kokha. Chanter ndiko kuimba. Woimba wamwamuna ndiye chanteur, wamkazi chanteuse. Momwemonso vendre, kugulitsa, abala vendeur ndi vendeuse. Maina ena ocokera ku Cilatini asiyana pa akazi: directeur, directrice, instituteur, institutrice, ndilo dzina lanu lomwe, inu ophunzitsa ana aang'ono.

Bvuto lalikuru lili pa kachulidwe. Mu chanter, r samveka konse. Mu chanteur, r amveka, ndipo acokera kukhosi. Tsono liu la eu mulibe m'Cinyanja. Mwana akachula e wamba nameza r, wasandutsa munthu kukhala nchito: iye afuna kunena "woimba", koma mnzace amva "kuimba". Wina aonjeza e pothera, monga mwa cizolowezi cathu, nati "shantele".

Cifukwa cace citani motere. Ana achule e wa mu "mwezi", lilime likhale pomwepo, koma milomo izungulire monga pochula o. Akalipeza liulo, aikepo r, osaonjeza kanthu. Pa -euse milomo iyandikane koposa, ndipo mau athere pa z. Musawacurukitsire mau, awiri pa tsiku akwanira. Kuona maso a nkhono nkudekha.