Nyengo ya Masika pa Dziko Lokwera

Mwezi wa March ukafika pakati, anthu a m'makomboni a ku Kitwe, ku Mufulira ndi ku Luanshya ayamba kufunsana kuti, "Kodi mvula yatha?" Wina afuna kusasula denga lodontha kuti alikonze, wina afuna kupempha chuthi ku nchito kuti akathandize makolo kukolola, mai wina afuna kudziwa ngati angathe kuyanika mphale pabwalo ndi kupita ku msika wopanda nkhawa. Mvula sileka tsiku limodzi m'dziko lonse. Icoka pang'ono-pang'ono, kuyambira kum'mwera kunka kumpoto, ndipo masabata amene ikucokawo ali ndi kanthu pa moyo wa munthu wa m'tauni monga momwe aliri nako pa moyo wa mlimi.

Gawo lalikuru la Zambia liri pa mtunda wotambasuka, wokwera mamita 1,000 kufikira 1,500 pamwamba pa nyanja yamcere. Lusaka ndi Ndola ali pa mamita pafupi-fupi 1,300. Munthu akakwera mamita 1,000, mpweya uzizira ndi madigiri ngati 6. Ndico cifukwa cace mlendo wocokera ku cigwa ca Luangwa kapena ca Gwembe apempha bulangeti usiku woyamba ku Ndola, pamene kwao anali kugona wosapfunda.

Mvula ya pa mtunda umenewu igwa pamene mphepo zikomana. Nthawi ya dzinja mpweya wacinyezi ubwera kucokera ku nkhalango za Congo, ndipo ukomana ndi mphepo zocokera ku nyanja ya India. Pokomanapo mpweya ukwera kumwamba, uzizira, ndi kusanduka mitambo yamvula. Malo okomanirawo sakhala pamodzi, koma atsata dzuwa. M'miyezi ya January ndi February ali pamwamba pa Zambia. Pa 20 kapena 21 March dzuwa lioloka mzere wa pakati pa dziko lapansi kunka kumpoto. Tsiku limenelo usana ndi usiku zilingana, ndipo mitambo yamvula iyamba kulitsata m'mbuyo.

Motero oyamba kutsazikana ndi mvula ndi anthu a kum'mwera. Ku Livingstone ndi ku Choma mvula yeni-yeni kawiri-kawiri itha March asanathe. Ku Lusaka, ku Kabwe ndi ku Chipata ifika kumapeto kwa March kapena kuciyambi kwa April. Ku Lusaka mvula ya April yense sikwana ngakhale gawo limodzi la magawo asanu a mvula ya January. Ku migodi icedwako, ndipo ku Mwinilunga, ku Kasama ndi ku Mbala ipitirira mpaka m'kati mwa April. Kucuruka kwace kutsatanso njira yomweyo: Livingstone alandira mamilimita ngati 700 pa caka, Lusaka ngati 800, koma ku migodi mvula ipitirira mamilimita 1,200. Wogwira nchito ku Chingola asayese kuti popeza kumene ali kukugwa mvula, kumudzi kwao ku Petauke kapena ku Monze ikugwanso. Alembe kalata, kapena aimbe foni ndi kufunsa.

Zizindikiro za kutha kwa mvula ziri zoonekera kwa munthu ali yense. Mvumbi wa masiku awiri kapena atatu ucepa, ndipo m'malo mwace mubwera mvula yamabingu ya madzulo, yogwa mwamphamvu pa kanthawi kocepa, mbali imodzi ya tauni kunyowa, mbali yina kouma. Mvula yotere iri ndi mphezi, ndipo si bwino kuiusa pansi pa mtengo kapena kutsiriza masewera a mpira pabwalo mabingu atayamba. Pambuyo pace mphepo itembenuka ndi kuomba kucokera pakati pa kum'mawa ndi kum'mwera. Mitambo ikhala yaing'ono, yoyera, yobalalika. Usiku nyenyezi zioneka zonse, ndipo popeza palibe mitambo yobvundikira dziko, kutentha kwa usana kuthawira kumwamba. M'mawa udzu ukhala ndi mame ambiri, nkhungu igona m'madambo, ndipo amuna a shifiti ya m'bandakuca ayamba kubvala majekete ngakhale masana dzuwa likali kutentha. Mphepo imeneyi ikaomba masiku ambiri osatembenuka, pamenepo munthu angathe kusasula denga lace. Kuzizira kumene kwayamba motere kunka kukula mpaka June ndi July, pamene cisanu cipsereza ndiwo zamasamba m'madimba a m'madambo.

Pali cinthu cimodzi cimene cisokoneza dongosolo limeneli, ndico anamondwe a pa nyanja ya India, amene nyengo yao ifika mpaka April. Namondwe Idai anaononga mzinda wa Beira m'March 2019, ndipo namondwe Freddy anapha anthu mazana ambiri kum'mwera kwa Malawi m'March 2023. Zambia ali kutali ndi nyanja, ndipo mphepo yoopsayo ifooka isanafike kuno. Koma namondwe wotere angathe kukankhira mvula ku dera la kum'mawa, kapena kukokera cinyezi kwa iye mwini ndi kusiya ng'amba pa mtunda. Amene ali ndi abale kutsidya la malire acita bwino kumvetsera wailesi m'mwezi umenewu.

Akulu anati walira mvula walira matope. Madzi otsalira m'zithaphwi, m'ngalande zotsekeka ndi m'matayala akale ndiwo nyumba ya udzudzu, ndipo malungo acuruka m'miyezi imene mvula ikutha. Ku migodi nkhani imeneyi si yacilendo. Pamene mgodi wa Roan Antelope unali kutsegulidwa ku Luanshya, malungo anapha anthu ambiri, kotero kuti ena anathawa nchito. Pafupi ndi caka ca 1930 eni mgodi anatsata uphungu wa Sir Malcolm Watson: anakumba ngalande m'madambo, nalambula mtsinje wa Luanshya kuti madzi aziyenda, ndipo imfa zinacepa kwambiri. Nchito yomweyo ingacitike pa khomo liri lonse ndi khasu ndi fosholo. Neti yogonamo isapindidwe cifukwa mvula yaleka, ndipo mwana akatentha thupi apite naye ku cipatala tsiku lomwelo.

Cimanga naco cifuna cisamaliro pa masabata amenewa. Dowe ndi maungu zacuruka pa msika, njala ya February yaiwalika, koma cimanga ca m'nkhokwe cikali m'munda. Cimene cinabzalidwa mocedwa cifuna mvula ya March kuti cikhwime. Cimene cakhwima kale cifuna dzuwa kuti ciume. Cokololedwa cisanaume cicita cuku, ndipo anankafumbwe acilowa msanga. Bungwe la Food Reserve Agency liyembekeza kuti cinyezi ca m'cimanga citsike kufika pa 12.5 peresenti lisanayambe kugula. Ogula ena sayembekeza: afika m'midzi m'April ndi ndalama m'manja, nthawi imene mlimi ali wosowa, ndipo agula pa mtengo wotsika. Mwana wa m'tauni amene atumiza kandalama kwa makolo ace m'mwezi umenewu awapulumutsa kuti asagulitse cakudya cimene adzacigulanso modula m'January.

Nkhani yaikuru kwa anthu a m'migodi ndi ya madzi a m'mitsinje. Magetsi ambiri a Zambia acokera ku madzi, maka-maka ku Kariba pa mtsinje wa Zambezi, kumene damu linatha kumangidwa m'caka ca 1959, ndi ku Kafue Gorge. Mvula imene igwa ku Mwinilunga ndi kum'mawa kwa Angola itenga masabata ambiri kuti idutse cigwa ca Barotse. Ndiwo madzi amene asamutsa Litunga kucoka ku Lealui kunka ku Limulunga pa mwambo wa Kuomboka kumapeto kwa March kapena m'April, ndiwonso amene adzaza mathithi a Victoria Falls m'April ndi kukweza nyanja ya Kariba pambuyo pace. Madzi amene alowa m'madamu pa miyezi imeneyi ndiwo ayenera kufikitsa dziko ku mvula yina. Mgodi sungakhale wopanda magetsi. Ku Konkola, ku Chililabombwe, mapampu aturutsa madzi oposa malita 300 miliyoni tsiku liri lonse, ndipo akaima mgodi udzala madzi.

Caka ca 2024 cinaonetsa zimene zicitika mvula ikasowa. Madzi a nyanja ya Pacific anatentha koposa masiku onse, cinthu cimene akatswiri acicha El Niño, ndipo mvula inaleka pakati pa dzinja cimanga ciri kumasula. Pa 29 February President Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Cimanga ca pa mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni cinapserera, ndipo dziko linakolola matani ngati 1.5 miliyoni, osafika theka la zokolola za caka ca 2023. M'March magetsi anayamba kuzimitsidwa maola 8 pa tsiku, ndipo pofika September m'nyumba zambiri anali kuyaka maola ocepa okha. Wometa tsitsi, wowocherera zitsulo ndi mai wogulitsa nsomba za m'firiji anamva cilala monga anacimvera mlimi.

A Dipatimenti ya Zanyengo alengeza za dzinja lonse mvula isanayambe, ndipo aperekanso malipoti a tsiku ndi tsiku ndi a masiku angapo. Pofuna kudziwa ngati mawa kudzagwa mvula, lipoti la masiku ocepa ndilo lodalirika. Cilengezo ca miyezi itatu sicinena za tsiku kapena za mudzi umodzi. Cingonena kuti m'dera lakuti mvula iyembekezeka kucuruka, kucepa, kapena kugwa monga mwa zaka zonse. Munthu wanzeru amva zimenezi, ayang'ananso mphepo ndi mame pa khomo pace, afunsa za kumudzi, ndipo agula bulangeti la ana mwezi wa May usanafike.