MAKALATA ANU ONENA ZA NYIMBO ZA "MESSIAH"

Usiku uno ndifuna kuyankha makalata amene mwatilembera titaulutsa nyimbo zija za "Messiah," zoimbidwa ndi kwaya yaikuru pamodzi ndi gulu la anthu oliza mavayolini ndi malipenga. Ena mwa inu mwathokoza, makamaka inu amene muimba m'makwaya a ku chalichi. Koma ena mwakwiya ndithu, ndipo mwapempha kuti nyimbo zotere zisamvekenso pa wailesi. Zodandaula zanu n'zitatu: kuti nyimbozo n'zazitali, kuti oimbawo angobwerezabwereza mau amodzimodzi, ndi kuti mulibe ng'oma. Mau amenewa sitiwapeputsa ai, pakuti munthu wocokera pansi pa mgodi ali wotopa alakalaka nyimbo yom'masula thupi.

Poyamba ndikuuzeni za mwini nyimbozi. Dzina lace ndi George Frideric Handel, amene anabadwira ku Halle m'dziko la Germany mu 1685, nakakhala ku London kufikira imfa yace mu 1759. Nyimbozi anazipeka mu 1741 m'masiku 24 okha, ndipo mau ace onse anasankhidwa m'Baibulo ndi Charles Jennens. Zinaimbidwa koyamba ku Dublin pa 13 April 1742. Anthu ofuna kumva anacuruka kotero kuti amuna anapemphedwa kusiya malupanga ao kunyumba, kuti malo akwanire. Ndalama zimene zinasonkhedwa, monga mapaundi 400, zinathandiza zipatala ziwiri, ndiponso zinaombola anthu 142 amene anali m'ndende cifukwa ca ngongole. Inu amene mudziwa kuwawa kwa ngongole mwezi ukatha, muona kuti nyimbozi sizinayambe ngati cosangalatsa anthu acuma okha.

Kunena za kutalika, n'zoona: "Messiah" ali ndi zigawo zitatu, ndipo atenga maola oposa awiri. Cigawo coyamba cinena za maulosi ndi kubadwa kwa Yesu, caciwiri za masautso ace ndi kupambana kwace, cacitatu za kuuka kwa akufa. Nkhani yonseyi siingathe m'mphindi zitatu monga nyimbo ya pa galamafoni.

Nanga kubwereza kuja? Apa ndikupemphani mukumbukire kwanu kumudzi. Akazi posinja, mmodzi atsogolera, anzace nabvomera, ndipo mau ocepa angathe kuimbidwa kufikira mphale itayera. Palibe amene anena kuti nyimboyo yatopetsa, cifukwa cokoma cace ciri m'kulandizana kwa mau. Handel naye acita comweco. Kwaya yace iri ndi magulu anai: sopulano, alito, tena ndi besi. Gulu limodzi liyamba, lina lilowa pambuyo, lina lilowanso, kufikira onse akumana pamodzi. Ngati mungodikira mau atsopano mudzatopa. Koma mukatsata gulu limodzi ndi khutu, mudzamva m'mene lithawira ndi kubwereranso kwa anzace.

Tsono za ng'oma. Ng'oma zirimo, abale anga, koma Handel anazisunga. Sizimveka m'cigawo coyamba conse. Ziyamba kugunda pamodzi ndi malipenga pa nyimbo yochedwa "Hallelujah," pa mapeto a cigawo caciwiri, pamene omvera ku England azolowera kuimirira. Amene anatseka wailesi msanga sanazimve. Akuru anati, kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sindinena kuti nyimbozi ziposa zathu, ndipo sizidzalanda malo a ng'oma kapena a gitala. Koma nthawi ya pa wailesi ndi yanu, ndipo tisanaweruze mlanduwu tifuna kuti mumvenso kamodzi, mukutsata mau a besi kuyambira paciyambi. Mukatero mutilemberenso, mutiuze ngati tizipitirize kapena tizileke. Tsalani bwino nonse, gonani mu mtendere.