Mawu kwa Odzipereka a Zaumoyo ku Kanyama pa Tsiku Lolandira Ziphaso



Kuno kolera sitiimvera pa wailesi. Inatigwira mu 2017. Itabweranso mu Okutobala 2023, bwalo la National Heroes Stadium linasanduka chipatala, ana anatsegulira sukulu mochedwa, mu Febuluwale, ndipo dziko linataya anthu oposa 700. Za zitsime zosazama zoyandikana ndi zimbudzi mukuzidziwa kuposa ine, poti matope ake mumawaponda dzinja lililonse. Ine ndikufuna tilowe m'kati mwa thupi.

Kachilombo ka kolera sikayenda m'magazi ayi. Kamakhala m'matumbo aang'ono, n'kumatulutsa poizoni amene amasokoneza ntchito ya matumbowo: matumbo amayamba kukhuthula madzi ndi mchere wa m'thupi, kuposa amene angayamwe. Ndicho chimbudzi chija chonga madzi otsukira mpunga. Madzi akatha, magazi amachepa, mtima umathamanga koma mukagwira pamkono simumva kugunda. Maso amalowa. Mukatsina khungu la pamimba limangoima, osabwerera msanga. Miyendo imakokana. Kenako impso, zimene zimafuna magazi okwanira kuti zisefe, zimaleka, mkodzo n'kusowa. Munthu amene anali kugulitsa tomato ku msika wa Soweto m'mawa akhoza kutisiya dzuwa lisanalowe.

Choncho funso loti "mwakodza liti?" musachite nalo manyazi, ngakhale wodwalayo akhale apongozi anu.

Mukawapeza agogo akuti, "Musam'patse madzi, atsegula kwambiri." Musawakalipire, akunena zimene maso awo akuona. Khalani nawo pansi, muwauze kuti poizoni uja satseka njira imene shuga amalowera. Shuga akamalowa amakoka mchere, mcherewo n'kukoka madzi kubwerera m'magazi. Ndiyo ntchito ya madzi a moyo. Kapaketi ka madzi a moyo kakasowa, tengani lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira klorini, timasupuni 6 ta shuga tosasefukira, ndi theka la kasupuni ka mchere. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono. Koma kumwetsako muzichita muli kale pa ulendo wa kuchipatala, chifukwa amene walefuka mpaka kulephera kumeza ndi wa dripi basi.

Mvula yayandikira. A khansala, tikatha pano musathamangire galimoto, nkhani ya ngalande tiikambe.