Madzi a ku Ekurhuleni ndi Ufulu wa Wantchito Wochokera Kunja

Ndiyamba ndi komwe madzi a mumzinda uno amachokera, kenaka zimene malamulo amanena, ndipo ndimaliza ndi zimene mungachite pakavuta.

Madzi a m'mipopi ya ku Germiston, Benoni, Boksburg, Tembisa, Katlehong, Daveyton ndi Tsakane amachokera kutali. Bungwe la Rand Water, lomwe linakhazikitsidwa mu 1903, limawatunga ku damu la Vaal ndi kuwayeretsa ku Zuikerbosch ndi ku Vereeniging. Ena mwa madziwo amatsika kuchokera ku mapiri a Lesotho, ku madamu a Katse ndi Mohale. Akayeretsedwa amapopedwa kukwera mtunda kudzera m'malo monga Palmiet ndi Mapleton, ndipo khonsolo ya Ekurhuleni imawagula ndi kuwagawa m'makomo. N'chifukwa chake magetsi akazima pamalo opopera, mipopi ya m'madera okwera imayamba kuuma.

Kodi madziwa ndi abwino kumwa? Amene ali m'mapaipi a khonsolo, kawirikawiri ndi abwino. Amayezedwa potsata muyezo wa SANS 241, ndipo mu 2012 Ekurhuleni inatsogola dziko lonse pa kauniuni wa boma wotchedwa Blue Drop. Koma mbiri yabwinoyi imathera pamene pathera paipi ya khonsolo. Kauniuniyu safika m'chigubu chimene chakhala masiku atatu m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya abwana, kapena m'thanki yopanda chivindikiro, kapena pa mjigo wa pafamu. Ambiri a ife timamwa madzi a m'malo oterowo.

Inu ogwira ntchito m'mafamu a ku Bapsfontein ndi ku Nigel, chenjerani ndi madzi a pansi pa nthaka. Miyala ya m'madera ena kuno ili ndi ming'alu ndi mphanga, moti zoipa za m'zimbudzi zimatha kulowa m'madzi mofulumira. Ku Delmas, pafupi pomwepa m'chigawo cha Mpumalanga, kunabuka matenda a taifodi mu 2005, ndipo anthu ena anamwalira. Mitsinje nayo si yodalirika: wa Blesbokspruit, umene umadutsa ku Springs, walandira madzi oipa a m'migodi kwa zaka zambiri. Madzi amatha kuoneka oyera mbee koma ali ndi tizilombo. Za kolera sitichita kuuzidwa. Mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 ku Malawi, ndipo mu May 2023 inapha anthu oposa 20 ku Hammanskraal, kumpoto kwa Pretoria.

Tsopano tione malamulo. Gawo 27 la malamulo oyendetsera dziko la South Africa limanena kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza chakudya ndi madzi okwanira. Mawu akewo ndi munthu aliyense, osati nzika yokha. Malamulo amene anatuluka mu 2001 pansi pa Water Services Act ya 1997 anaika mlingo wochepetsetsa: malita 25 pa munthu patsiku, kapena malita 6,000 pa banja pamwezi, pamtunda wosapitirira mamita 200, ndipo munthu asakhale wopanda madzi masiku athunthu oposa 7 pachaka.

Vuto lathu ndi lakuti khonsolo imadziwa mwini akaunti, sidziwa wochita lendi. Thandizo la madzi aulere limadzera pa akaunti ya mwini malo. Inu amene mumakhala m'kachipinda ka kuseri mumalipira zimene landilodi wanena, osaona bilu. Pemphani kuiona, ndipo polipira muzilandira lisiti.

Kwa inu ogwira ntchito za m'nyumba, lamulo lotchedwa Sectoral Determination 7 limalola bwana kudula ndalama ya chipinda yosapitirira 10 peresenti ya malipiro anu. Ndalamayo angadule pokhapokha ngati chipindacho sichidontha, chili ndi windo ndi chitseko chokiyika, komanso muli ndi chimbudzi ndi posamba. Kwa inu a m'mafamu, Sectoral Determination 13 imaika malire omwewo a 10 peresenti pa nyumba, ndipo imafuna kuti madzi abwino akhale m'nyumbamo kapena pamtunda wosapitirira mamita 100. Ngati mukutunga kutali kuposa apo koma ndalama ikudulidwa, bwanayo akuphwanya lamulo. Palinso lamulo la 1997 loteteza okhala pa malo a eni mafamu, lodziwika kuti ESTA, limene limaletsa mwini famu kumana madzi munthu amene akukhala pafamupo movomerezeka. Kutseka mpopi pofuna kuti munthu asamuke n'kosaloledwa.

Ndikudziwa chimene chimatseka pakamwa ambiri: mapepala. Mantha amenewa ali ndi chifukwa, ndipo sindikuwapeputsa. Komabe mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khoti la zantchito linagamula kuti mlendo amene alibe chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchitobe pamaso pa lamulo, ndipo CCMA ingamve dandaulo lake. Ngati mukuopa kupita nokha, yambani mwafunsa uphungu ku bungwe la antchito kapena ku ofesi yothandiza pa zamalamulo, ndipo mupite ndi anzanu. Mutu umodzi susenza denga.

Pali zinthu zinayi zimene mungayambe lero. Choyamba, madzi akabwera pambuyo pouma, atsegulireni kaye mpaka litsiro litachoka. Chachiwiri, madzi okayikitsa muziwawiritsa mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi, kapena thirani supuni yaing'ono imodzi ya Jik wopanda fungo lonunkhiritsa m'malita 25, n'kudikira maola awiri. Pamafamu, chigubu chimene munali mankhwala opopera mbewu musasungiremo madzi akumwa, ngakhale chitatsukidwa bwanji. Chachitatu, mwana akatsegula m'mimba, musadikire kuti kuche kawiri. Sakanizani masupuni aang'ono 8 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, mum'mwetse pang'onopang'ono, n'kuthamangira naye ku kiliniki. Chachinayi, lembani. Lembani tsiku limene mpopi unauma ndi limene madzi anabwera, jambulani pa foni, sungani mapepala a malipiro, ndipo mukadandaula ku khonsolo pemphani nambala ya dandaulo lanu. Nkhani ya ndalama zodulidwa ipite ku ofesi ya Department of Employment and Labour. Nkhani ya kumanidwa madzi ingapite ku South African Human Rights Commission.

Dandaulo la munthu mmodzi lopanda umboni limazimirira msanga. La mabanja khumi, lokhala ndi masiku ndi zithunzi, n'lovuta kulinyalanyaza. Choncho tisanabalalike, ndikupempha kuti okhala dera limodzi kapena famu imodzi musankhe munthu mmodzi wosunga kabuku ka madzi.